Nyali Ziwiri: Ndale, Foni ndi Ubale Wathu Kuno ku Lifuwu

  Ndikudziwa kuti ena mwasiya mbalame zikudya mpunga kumunda, ena mwangotsika kumene m'boti tulo tili m'maso, choncho sindizungulira.

Ndiyambe ndi chinthu chimene inu mumachidziwa kuposa ine. Usiku wopanda mwezi, munthu ukaima pamchenga pano n'kuyang'ana kum'mawa, nyanja imaoneka ngati mzinda, nyali zili ndandanda. Siginala ali m'bwato lake, wayatsa. Kale anali matilele a palafini, lero ndi mababu a batire, koma ntchito ndi yomweyo. Usipa ukaona kuwala umasonkhana pansi pa bwato. Siginala sapupuluma. Amadikira kuti uunjikane, kenako amapalasa pang'onopang'ono kuulondolera pakamwa pa chilimira, anzake n'kukoka. Palibe amene amaukwapula usipawo kuti ulowe mu ukonde. Umabwera wokha, kutsata kuwala.

Akuluakulu muli pano mukukumbukanso nyali ina. Pa 14 Juni 1993, pa riferendamu, tidasankha pakati pa tambala wakuda, kutanthauza chipani chimodzi, ndi nyali, kutanthauza zipani zambiri. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse adasankha nyali. Imeneyo idali nyali ya m'nyumba, younikira kuti munthu aone nkhope ya mnzake ndi kulankhula naye mosanong'ona. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi, ndipo anthu adamva poyera zimene ankangozinena kuchipinda. Ufulu wolankhula umene tili nawo lero udabwera movutikira, ena adaumangidwira, ena adaufera.

Nkhani yanga lero ndi ya nyali ziwirizi. Foni imene ili m'thumba mwanu ikhoza kukhala nyali ya m'nyumba, ikhozanso kukhala nyali ya siginala. Pamafunika maso kuti munthu azindikire imene yamuyakira.

Tisanaiimbe mlandu foni, tinene zoona: kugawikana kwathu kudayamba foni isanabwere. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, a Bakili Muluzi a UDF adapeza mavoti 47 pa 100 alionse, ambiri a kum'mwera. Dr. Kamuzu Banda a MCP adapeza 33, ambiri a pakati pano. A Chakufwa Chihana a AFORD adapeza 19, makamaka a kumpoto. Mapu a zotsatira adangofanana ndi mapu a zigawo. Nthawi imeneyo kudalibe WhatsApp, kudalibe Facebook. Kudali wailesi imodzi ya MBC, misonkhano ya pabwalo ndi manong'onong'o. Chidali kale m'mitima mwathu ndi mantha akuti akalamula wa kwina, ife kwathu kulibe msewu, kulibe feteleza, ana athu salembedwa ntchito. Manthawo sadangochokera m'malere. Anthu adaona ndi maso awo maudindo ndi chitukuko zikupendekera kwawo kwa olamula, maboma akusinthana koma khalidwe lomwelo. Munthu akamavotera wakwawo, nthawi zambiri amakhala akudziteteza. Ndikunena izi kuti tileke kuyesa mnzathu wa chipani china chitsiru. Ali ndi chifukwa chake, monga inunso muli ndi chanu.

Nanga foni yawonjezapo chiyani? Masamba a mchezo monga Facebook ndi TikTok sakulipiritsani polowa. Eni ake amapeza ndalama kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsa malonda amalipira molingana ndi nthawi imene maso anu akhala pa galasi la foni. Choncho makina a kompyuta amayang'anira chimene chakuimitsani chala, n'kukupatsani china chofanana nacho. Chimene chimaimitsa munthu msanga ndi mkwiyo ndi mantha. Uthenga wonena kuti mpunga wa Kilombero wacha bwino chaka chino anthu amangoudutsa. Wonena kuti anthu a mtundu wakutiwakuti akukonza zotimaliza, umenewo aliyense amaima, kuyankha, kutumiza. Makina alibe chipani, alibe mtundu. Amangodziwa kuti nyali iyi yasonkhanitsa usipa wambiri, ndiye amaikweza. Mu 2018 akatswiri a sukulu yaukachenjede ya MIT ku America adafufuza nkhani pafupifupi 126,000 zimene zidafala pa Twitter. Adapeza kuti nkhani yoona imatenga nthawi yochuluka kasanu ndi kamodzi kuti ifike kwa anthu 1,500 poyerekeza ndi yabodza, ndipo ofalitsa kwambiri bodzalo adali anthu enieni ngati inu ndi ine.

Kuno kwathu nkhani yagona pa WhatsApp, ndipo pamenepo makina aja ndife tomwe. Uthenga umabwera kuchokera kwa mlamu wako, kwa mkulu wa mpingo, kwa mphwako ali ku Joni. Umaukhulupirira chifukwa umakhulupirira wakutumizirayo, osadziwa kuti nayenso wangolandira. Ambiri timagula bandulo yotsika mtengo ya WhatsApp ndi Facebook yokha, moti ngakhale utafuna kutsegula tsamba la nyuzipepala kuti utsimikize, foni imakana. Komanso si aliyense pano ali ndi foni ya intaneti. Foni imodzi pabawo, pachigayo kapena pamalo oimikira kabaza imakhala ndi makutu makumi awiri. Mawu ojambulidwa amamveka ndi wosadziwa kuwerenga yemwe. Pofika pamjigo m'mawa, nkhani yataya mwini wake, yangotsala kuti “akuti”. Makolo adatichenjeza kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Lero kandimverere ali m'thumba la aliyense.

Zotsatira zake taziona. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa idayenda ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, pakamwa ndi pafoni pomwe. Anthu osalakwa adaphedwa, ena kungokhala alendo m'mudzi. Mu Meyi 2021 dziko lathu lidawotcha katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 amene adatha mphamvu asanabayidwe, pamene mauthenga oopseza anthu za katemerayo adali ponseponse. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 ndipo ife a m'mphepete mwa nyanja adatikantha kwambiri, adabweranso ndi mabodza akuti azachipatala ndiwo akufalitsa matendawo. Kumaiko ena zidafika poipa kuposa apa. Ku India mu 2018 anthu adaphedwa ndi magulu chifukwa cha mauthenga a WhatsApp onena za akuba ana, mpaka eni ake a WhatsApp adaika malire akuti uthenga uzitumizidwa malo asanu okha nthawi imodzi. Chaka chomwecho a Facebook adavomera kuti sadachite zokwanira kuletsa tsamba lawo kukolezera chiwawa ku Myanmar. Ku Rwanda mu 1994 idali wailesi ya RTLM imene inkatcha Atutsi mphemvu, anthu asanatenge zikwanje. Kulikonse chimayamba ndi dzina lonyoza. Munthu ukaleka kumutchula kuti munthu, dzanja silivutanso kutola mwala.

Ndifike pa ndale zathu zenizeni. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chidatisiya ndi mawu a tipeksi ndi madando, ndi miyezi yambiri ya zionetsero. Mu Okutobala chaka chomwecho, ku Msundwe, wapolisi Usumani Imedi adagendedwa mpaka kufa. Zitatero, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu adachitidwa nkhanza zogwiriridwa, ndipo mu 2020 bwalo lalikulu lidalamula kuti okwana 18 apepesedwe. Zonse ziwiri ndi zoipa zosaneneka. Koma kumbukirani mmene zidayendera m'mafoni mwathu. Gulu lina linkalira wapolisi lokha, gulu lina linkalira amayi okha, aliyense akutumiza chithunzi chimene chikuthandiza mbali yake. Tidafika pogawana maliro malinga ndi chipani. M'mudzi muno sitichita zimenezo. Nkhwangwa ikalira kumanda, adzukulu safunsa kuti malemu ankavala nsalu yanji.

Pa 10 Juni 2024 ndege idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha wachiwiri kwa pulezidenti Dr. Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ambiri mpaka lero ali ndi mafunso, ndipo kufunsa ndi ufulu wawo. Koma usiku womwewo, ndege isanapezeke n'komwe, mafoni adali atadzaza kale ndi anthu olankhula ngati adaliko, ena akuloza chala mtundu wathunthu wa anthu. Funso limafuna yankho ndipo limadikira umboni. Chiweruzo chogamuliratu chimangofuna mdani.

Ndisamangoloza ena, nanenso ndidakodwapo. Kwathu tidatsegula gulu la WhatsApp la banja loti tizisonkherana za maliro, za odwala ndi fizi ya ana amasiye. Nthawi ya chisankho cha 2019 ija ndidalandira chithunzi cha anthu ovulazidwa, pansi pake patalembedwa kuti achita izi ndi anyamata a chipani chimene ine sindinkachifuna. Mtima udandiwawa, ndidatumiza pagulupo osaganiza kawiri. Mwana wa achemwali anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg adayankha kuti chithunzicho n'chakale ndipo si cha ku Malawi. Ankanena zoona. M'malo movomera, ndidamuyankha ngati mwana wopanda mwambo, ena adalowererapo, mawu adakula, iye adatuluka pagulupo. Patapita miyezi, amalume athu amene adamulera adamwalira. Uthenga tidauika pagulu, aliyense akuyesa kuti wina wamuimbira. Adamva titaika kale. Ndidamupepesa, adandikhululukira, koma dothi la pamanda awo sadaponye. Madzi akatayika saoleka.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndikakumbukira n'chakuti anthu amene tinkakanganirawo samadana momwe timadanirana ife. A Chihana adapikisana ndi a Muluzi mu 1994, chaka chomwecho adalowa m'boma lawo ngati wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti. A Bingu wa Mutharika adapambana pa tikiti ya UDF mu 2004, mu 2005 adatuluka n'kuyambitsa DPP. Dr. Chilima adayenda ndi a Peter Mutharika mu 2014, adayambitsa UTM mu 2018, adagwirizana ndi Dr. Lazarus Chakwera mu 2020, ndipo mu 2024 UTM idatuluka mumgwirizanowo. Pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 a Mutharika adapambana, ndipo Dr. Chakwera adavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe n'komwe, monga Dr. Banda adavomerera mu 1994. Izi si zoti tiwanyoze nazo, ndale zimayenda choncho, ndipo kuvomera kugonja ndi ulemu waukulu ku dziko. Koma iwo akagwirana chanza ku Lilongwe, ife kuno timatsala ndi mlamu amene sitilankhulana naye ndi mnansi amene sitingamubwereke mtondo.

Musandimve molakwa ngati ndikuti tayani mafoni kapena khalani chete. Foni yomweyi imatichenjeza za mwera tisanalowe panyanja. Imatiuza mtengo wa usipa ku Lilongwe kuti wogula asatipondereze. Imatumiza ndalama ya mankhwala kuchokera ku Joni tsiku lomwelo. Mu Januwale 2021, zipatala zikusowa mpweya wa okosijeni, mlembi Onjezani Kenani adapempha pa Facebook, ndipo Amalawi a zipani zonse, a kuno ndi a kunja, adasonkha ndalama zogulira zipangizo. Namondwe wa Freddy atakantha kum'mwera mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 n'kufa kapena kusowa, thandizo lidasonkhanitsidwa m'magulu omwewa, ndipo palibe adafunsa kuti a ku Chilobwe kapena ku Phalombe adavotera yani. Imeneyo ndiyo nyali ya m'nyumba ija. Mtendere umene ndikunena si wotseka pakamwa. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu adafafaniza chisankho cha pulezidenti chifukwa anthu adakana kukhala chete, ndipo adatengera umboni wawo kubwalo la milandu. Kudzudzula wolamula, wa chipani chilichonse, ndi udindo wa nzika. Chimene ndikukana ndi kusandutsa mnansi mdani.

Tsono pokumanirana tipapeza kuti? Sitifunika kukapaitanitsa kunja, tili napo kale. Taonani gulu la chilimira. Anthu pafupifupi khumi, wina Mchewa, wina Myao, wina Mtonga amene makolo ake adatsika kuchokera ku Nkhata Bay, wina amapemphera Lachisanu, wina Loweruka, wina Lamulungu. Pamchenga akhoza kutsutsana za ndale mpaka mawu kusasa. Koma chingwe chikafika pokoka, amakoka pamodzi, chifukwa mbali imodzi ikafooka ukonde umatseguka, nsomba n'kuthawa, onse n'kubwerera chimanjamanja. Taonaninso kusikimu. Madzi a mumngalande amadutsa m'munda wa wa DPP kupita kwa wa MCP, kuchoka apo kwa wa UDF ndi wa UTM. Wakumtunda akatseka chifukwa cha chidani, wakumunsi mpunga umauma, ndipo tsiku lokonza mngalande sadzabwera. Mbewu zimene amaziyesa pa malo a kafukufuku a Lifuwu pano zimakabzalidwa ku Karonga, ku Nkhotakota ndi kuchigwa cha Chilwa, zosafunsa chigawo. Nyanja itakwera mu 2024 n'kulowa m'nyumba ndi m'minda m'mphepete monsemu, sidasankhe khomo.

Chitsanzo chimene ndimachinyadira kwambiri chili m'boma lathu lomwe lino, pachilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, chilumbachi chimatsekedwa nyengo ya dzinja kuti utaka uswane, n'kutsegulidwa ndi mwambo mvula ikatha. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo wophwanya lamulo amachotsedwa. Asodzi ochokera m'maboma osiyanasiyana, a zinenero ndi zipembedzo zosiyana, amamvera. Atsamunda adapita, chipani chimodzi chidapita, maboma a zipani zambiri asinthana, lamulo la ku Mbenje lilipobe, ndipo akatswiri a za nsomba amabwera kudzaphunzirako. Chinsinsi chake n'chiyani? Anthu aja sagwirizana pa zonse. Adagwirizana pa chinthu chimodzi chimene onse amadyapo, adaika malamulo nkhondo isanabuke, ndipo lamulolo limagwira aliyense mofanana. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Ndikupempha kuti nzeru ya ku Mbenje tiitengere m'mafoni mwathu, ndipo ndili ndi zopempha zinayi.

Choyamba, uthenga ukakukwiyitsani kwambiri, pomwepo ndiye poyenera kuima. Dzifunseni: wayatsa nyaliyi ndani, ndipo ine ndikakwiya apindula ndani? Wanena ndani, dzina lake lenileni? Zachitikira kuti, liti? Kodi pawailesi kapena m'nyuzipepala zamveka? Ngati mayankho palibe, uthengawo ugone m'foni mwanu mpaka mawa. Woona sutha mphamvu pogona usiku umodzi. Dziwaninso kuti lero makina amatha kupanga chithunzi ndi mawu a munthu zimene iye sadanene. Ndipo lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti lilipo, wotumiza sangadzitchinjirize ndi mawu akuti ndangolandira.

Chachiwiri, inu oyang'anira magulu a WhatsApp, ma adimini, dziwani kuti ndinu anyakwawa a mudzi umenewo. Ikani malamulo lero, chisankho chikadali kutali. Gulu la maliro likhale la maliro, la mpingo kapena la mzikiti likhale la mapemphero, la sikimu likhale la madzi ndi mbewu. Ofuna kukambirana ndale atsegule lawo, ndipo m'menemo atsutsane za mfundo, koma kutukwana mtundu wa munthu, chipembedzo chake kapena mayi ake kukhale koletsedwa kwa aliyense, ngakhale wolakwayo ali wa mbali ya adimini.

Chachitatu, mkangano ukayamba pafoni, uthere pamkeka. Mawu olembedwa alibe nkhope, alibe kamvekedwe. Zimene munthu amalemba usiku ali yekha sangazinene atakhala moyang'anana ndi malume ake. Muimbireni, kapena pitani. Mukafika, yambani ndi kufunsa: inu chimakuopsani n'chiyani akalamula awa? Mudzadabwa kumva kuti mantha ake ndi anu omwe, mtengo wa chimanga, mankhwala kuchipatala, mwana womaliza sukulu amene akungokhala. Zikakula, mafumu alipo, atsogoleri a zipembedzo alipo. Bungwe la PAC, limene lidayamba mu 1992, lidakhazika Akhristu ndi Asilamu pa tebulo limodzi nthawi yovuta kuposa ino. Lamulo la 2022 lidakhazikitsanso bungwe loona za mtendere ndi umodzi m'dziko muno. Koma mabungwe amenewa amafika moto utayaka kale, oyamba kuona utsi ndife.

Chachinayi, tikhale ndi mndandanda umodzi wa Lifuwu. Aliyense avotere kumene mtima wake wakonda, voti ndi yachinsinsi. Koma wofuna ukhansala kapena uphungu akabwera, wa nsalu yamtundu uliwonse, apeze mafunso ofanana: msewu wathu nyengo ya mvula, mingalande ya kusikimu, msika wa mpunga woti mavenda asatigule motchipa pokolola, mankhwala kuchipatala, zimbudzi ndi madzi abwino kudoko kuti kolera asabwerere. Ntchito yotenga madzi m'nyanja kuno kupita nawo ku Lilongwe yakambidwa mu ulamuliro wa DPP ndi wa MCP womwe. Funso lakuti midzi imene mapaipi akudutsamo idzamwa nawo bwanji lilibe chipani. Tikafunsa ndi pakamwa pamodzi adzatiyankha. Tikagawikana, adzatipatsa nsalu ndi ndalama ya sopo, ndalama imene lamulo la zipani la 2018 limaletsa, n'kudzaonekanso patatha zaka zisanu.

Achinyamata, mawu awa ndi anu makamaka, chifukwa mafoni ambiri ali m'manja mwanu ndipo akulu amamvera zimene inu mwawawerengera. Wina akakupatsani mayunitsi kuti muzitukwana anthu pa dzina lobisika, wakulembani ganyu yoipitsa mudzi umene mudzakwatiremo ndi kuikidwamo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Pa intaneti mlomo sufufutika.

Nonse mukudziwa zimene zimachitika pano mwera ukawomba usiku boti lina osabwerera. Amayi amaima pamchenga, amuna amakankhira maboti m'madzi, mwini injini safunsa za mafuta. Palibe amene amati tiyambe taona kuti osowawo ndi a chipani chanji. Anthu amene mumatuluka usiku umenewo ndinu nomwe muli pano, ndipo ndinu nomwe muli m'magulu a WhatsApp aja. Ine ndidataya mwayi woimbira mwana wa achemwali anga nthawi ikadalipo. Ngati m'foni mwanu muli nambala ya m'bale amene mudaleka kulankhula naye chifukwa cha chisankho, bandulo ya lero ithere pa iyeyo.